Harold E. Palmer, 1877–1949: Mphunzitsi Amene Anaona Kuti Mawu Sayenda Okha

M'mwezi wa Malichi, fodya akuthyoledwa m'minda ndipo utsi ukufuka m'mabalani, ndinapita ku sukulu ina ya pulaimale m'dera la Mfumu Njombwa, m'boma la Kasungu, kukayendera wophunzira wathu amene anali pa ntchito yoyeserera kuphunzitsa. Phunziro litatha tinakhala pamthunzi ndi mulu wa makope a ana a Sitandade 7, amene anali atalemba chimangirizo cha Chingerezi chonena za ntchito za makolo awo. Mphunzitsi wachinyamatayo anali wokhumudwa. Mawu onse ofunika anali atawalemba pa bolodi pamodzi ndi matanthauzo ake, ndipo anawo anali atawaloŵeza bwino lomwe, komabe makope anali ofiira ndi inki. Pofuna kunena kuti bambo ake amaotcha fodya m'balani, mwana wina analemba 'burn tobacco', mawu amene kwa Mngerezi amatanthauza kuti fodya yense wasanduka phulusa. Wina, pofotokoza kuti anamwa mapiritsi mutu utamuŵaŵa, analemba 'drink tablets'. Wachitatu analemba 'big rain' ponena za mvula yaikulu imene inakokolola mizere. Liwu lililonse palokha linali lolembedwa bwino, ndipo palibe lamulo la galamala limene linaswedwa. Chimene anawo sanadziŵe n'chakuti Mngerezi amati 'cure tobacco', 'take tablets' ndi 'heavy rain'.

Vuto limeneli si la ku Njombwa kokha, ndiponso si la lero. Mmodzi mwa anthu oyamba kulifufuza mwadongosolo anali mphunzitsi wa ku England, Harold Edward Palmer. Dzina lake silimveka kaŵirikaŵiri m'makoleji mwathu, koma zambiri zimene mumachita pophunzitsa Chingerezi zinadzera m'manja mwake. Tsono nkoyenera kuti inu amene mukukonzekera kuima kutsogolo kwa kalasi mudziŵe mbiri yake.

Ubwana wake ndi sukulu ya ku Verviers

Palmer anabadwira mu mzinda wa London pa 6 Malichi 1877, koma anakulira ku Hythe, tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Kent. Bambo ake anali mphunzitsi, ndipo pambuyo pake anayendetsa nyuzipepala ya m'taunimo yotchedwa Hythe Reporter. Harold sanapite ku yunivesite. Ali mnyamata anakakhala kanthaŵi ku Boulogne m'dziko la France, kumene anaphunzira Chifalansa pakati pa eni ake, ndipo atabwerako anayamba kulemba nkhani m'nyuzipepala ya bambo akeyo.

M'chaka cha 1902 anaoloka nyanja kupita ku Verviers, tauni ya mafakitale oomba nsalu zaubweya kum'maŵa kwa dziko la Belgium. Kumeneko analembedwa ntchito pa sukulu ina yophunzitsa zilankhulo mwa njira ya Berlitz. Njira imeneyi inkaletsa kotheratu chilankhulo cha wophunzira m'kalasi: mphunzitsi ankaloza chinthu, kuchitchula m'Chingerezi, ndi kufunsa mafunso kufikira wophunzira atazoloŵera. Palmer anaona ubwino wake, pakuti anthu ankayamba kulankhula msanga. Anaonanso kupereŵera kwake, chifukwa panalibe dongosolo lenileni losankhira mawu oyamba kuphunzitsa, ndipo nthaŵi yambiri inkatayika pofotokoza ndi manja chinthu chimene chikadamveka pa kamphindi m'Chifalansa. M'chaka chotsatira anatsegula sukulu yakeyake m'tauni momwemo. Mu 1904 anakwatira mayi wa ku Belgium, Elisabeth Purnode, ndipo mwana wawo woyamba, Dorothée, anadzakhala womuthandiza pa ntchito yolemba mabuku.

Zaka khumi ndi ziŵiri za ku Verviers ndizo zinali koleji yake. Ophunzira ake ambiri anali akuluakulu olipira okha, amene akadasiya kubwera akadaona kuti sakupindula. Motero Palmer ankayesa njira, kuona zotsatira zake, ndi kusintha pamene yalephera. Iye mwini analinso wophunzira zilankhulo, ndipo ankadziŵa manyazi a munthu amene waloŵeza mawu ambirimbiri koma akatsegula pakamwa eni chilankhulo namwetulira. Mu 1907 analoŵa bungwe la akatswiri a katchulidwe ka mawu la International Phonetic Association, ndipo anayamba kulemberana makalata ndi Daniel Jones, katswiri wa phunzirolo ku University College London.

Nkhondo ndi zaka za ku London

M'mwezi wa Ogasiti 1914 asilikali a Germany analoŵa m'dziko la Belgium, ndipo Verviers, pokhala pafupi ndi malire, inali imodzi mwa matauni oyamba kugwidwa. Palmer ndi banja lake anathaŵa kudzera ku Holland, nasiya sukulu ndi katundu wawo. Anafika ku England ali ndi zaka 37, wopanda digiri ndiponso wopanda ntchito. Apa ubwenzi wa m'makalata uja unabala zipatso, pakuti mu 1915 Daniel Jones anamuitana kuti azikaphunzitsa ku University College, Chingerezi cholankhula kwa alendo ndiponso njira zophunzitsira zilankhulo kwa aphunzitsi.

Zimene anasonkhanitsa ku Verviers tsopano anazilemba m'mabuku. Mu 1916 anatulutsa kabuku ka matebulo 100 osinthira mawu. Matebulo ameneŵa mukuwadziŵa: mizere itatu kapena inayi pa bolodi, mwana natenga liwu limodzi mu mzere uliwonse n'kupanga chiganizo cholondola. Mu 1917 munatuluka buku lake lalikulu, The Scientific Study and Teaching of Languages, ndipo mu 1921 anatulutsa ena aŵiri, The Principles of Language-Study ndi The Oral Method of Teaching Languages.

M'mabuku ameneŵa muli mfundo imene inadzakhala msana wa ntchito yake yonse. Palmer anaona kuti zolakwa zambiri za wophunzira zimadza pamene iye akumanga chiganizo yekha, kutola liwu apa ndi liwu apo monga womanga nyumba atolera njerwa, koma pulani ya nyumbayo ali nayo m'chilankhulo cha kwawo. Mwana wa ku Njombwa uja anachita chimodzimodzi. Anatenga 'kumwa' napeza 'drink', anatenga 'mapiritsi' napeza 'tablets', nalumikiza ziŵirizo monga amachitira m'Chicheŵa. Mankhwala a vutoli, mwa kuona kwa Palmer, anali akuti wophunzira ayambe wasunga m'mutu zidutswa zathunthu za chilankhulo monga eni ake amazinenera, azibwereze kufikira zitazoloŵereka pa lilime, ndipo pokhapo ayambe kusintha liwu limodzi ndi lina m'kati mwake. Tebulo losinthira mawu linali chida cha ntchito imeneyi. Ngakhale m'buku la 1917 lija anali atasiyanitsa kale liwu loima palokha ndi gulu la mawu angapo limene limagwira ntchito ngati liwu limodzi.

Mfundo ina yofunika kwa ife n'njakuti Palmer sanadane nako kumasulira. Anasiyana ndi a Berlitz ponena kuti chilankhulo cha mwana chingathandize kupereka tanthauzo mwamsanga ndi momveka. Chimene anakana ndi kumasulira liwu ndi liwu pomanga chiganizo.

Kuitanidwa ku Japan

Mbiri ya mabuku ake inafika kutali. Katswiri wa maphunziro wa ku Japan, Masataro Sawayanagi, anakumana naye ku London, ndipo mu 1922 Palmer anapita ku Tokyo kukakhala mlangizi wa za zilankhulo ku unduna wa maphunziro wa dzikolo. Mu 1923 kunakhazikitsidwa bungwe lofufuza za kaphunzitsidwe ka Chingerezi, Institute for Research in English Teaching, ndipo iye anakhala mkulu wake. Pa 1 Seputembala chaka chomwecho chivomezi chachikulu chinagwetsa mbali yaikulu ya Tokyo ndi Yokohama, nichipha anthu oposa 100,000. Ntchito ya bungwelo inasokonezeka, koma siinafe.

Chimene Palmer anapeza m'masukulu a sekondale a ku Japan sichingatidabwitse ife. Ana ankaphunzira Chingerezi zaka zisanu, koma phunziro lonse linali kumasulira ndime zovuta liwu ndi liwu pokonzekera mayeso oloŵera sukulu zapamwamba. Makalasi anali aakulu, ndipo aphunzitsi ambiri sanali omasuka kulankhula Chingerezi. Palmer anafika ndi njira yake yoyamba ndi khutu ndi pakamwa, ndipo mu 1925 iye ndi Dorothée anatulutsa buku lotchedwa English through Actions, lophunzitsa mwa kulamula ndi kuchita: mphunzitsi anena, ana achita, kenaka ana anena okha. Koma aphunzitsi ambiri anaona kuti njirayo siinkagwirizana ndi mayeso amene ana awo ankayembekezera. Palmer sanaumirire. Anakonza mabuku oŵerenga, nalangiza kuti ntchito yapakamwa izichokera m'ndime imene ana aŵerenga ndi kubwereranso ku ndimeyo. Masukulu ena, monga sukulu ya ku Fukushima, anaitsatira njirayi ndipo anatchuka nayo, ngakhale kuti dziko lonse silinasinthe monga iye ankafunira.

Mawu oyendera limodzi

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 bungwe lija linayamba ntchito yosankha mawu a Chingerezi amene mwana wa sekondale ayenera kudziŵa. Malipoti aŵiri anatuluka mu 1930 ndi 1931, ndipo mndandanda wake unali wa mawu 3,000. Koma posankha mawuwo Palmer anagundana ndi funso lovuta. Kodi mwana amene wadziŵa 'give' ndi 'up' wadziŵa 'give up'? Kodi wodziŵa 'take' ndi 'place' angaganizire yekha kuti 'take place' ndiko kuchitika? Yankho linali lakuti iai. Mawu aafupi ndi ofala kwambiri, onga 'make', 'do', 'take', 'get', 'put' ndi 'give', ndiwo anali ovuta koposa, chifukwa lililonse limaloŵa m'magulu ambirimbiri, ndipo tanthauzo lake limasintha molingana ndi mnzake amene layenda naye. Kuŵerenga liwu lotere ngati liwu limodzi pa mndandanda kunali kudzinamiza.

Magulu ameneŵa Palmer anawatcha collocations, ndipo ife tingawatche mawu oyendera limodzi. Anawafotokoza ngati mawu aŵiri kapena oposerapo otsatana, amene wophunzira ayenera kuwaphunzira athunthu monga chinthu chimodzi, osati kuwalumikiza yekha kuchokera ku zidutswa zake. Lipoti loyamba la ntchitoyi linatuluka mu 1931, ndipo lachiŵiri, lodziŵika kwambiri, Second Interim Report on English Collocations, linatuluka ku Tokyo mu 1933. M'menemo munali zikwi zingapo za magulu a mawu, osanjidwa molingana ndi kapangidwe kake: oyamba ndi mneni, ogwira ntchito ngati dzina, ogwira ntchito ngati muonjezi, ogwira ntchito ngati mperekezi, ndi ena otero. Pa ntchitoyi anathandizidwa ndi mphunzitsi wachinyamata wa ku England, A. S. Hornby, amene anafika ku Japan mu 1924 kudzaphunzitsa ku Oita ndipo pambuyo pake anasamukira ku Tokyo. Anatapanso zambiri mu dikishonale ya Chingerezi ndi Chijapani imene mphunzitsi wa ku Japan, Hidesaburo Saito, anatulutsa mu 1915.

Dzina la Saito likutikumbutsa chinthu chimodzi. Mwini chilankhulo saona mawu oyendera limodzi, monga momwe munthu saonera nkhope yake popanda galasi. Mngerezi sadabwa kuti mvula ndi 'heavy', mphepo ndi 'strong', pamene tulo ndi 'deep' kapena 'sound'. Amene amadabwa ndi mlendo. Ifenso sitidabwa ndi Chicheŵa chathu. Timati kugwira ntchito ngakhale palibe chogwirika, kuimba mlandu ngakhale palibe nyimbo, kupha ludzu, kumanga banja, kutaya mtima, kupsa mtima, kudya ndalama. Timamva mawu, timamva fungo, timamva njala, timamvanso chisoni, zonsezo ndi mneni mmodzi, pamene Mngerezi amafuna 'hear', 'smell' ndi 'feel'. Mlendo wophunzira Chicheŵa akati wachita ntchito kapena wamaliza ludzu, timamumva ndithu, koma timadziŵa pomwepo kuti si wakuno. Palibe lamulo la galamala limene lingamuuze kuti ludzu limaphedwa. Ayenera kulimva kwa eni ake ndi kulisunga lathunthu.

Tiyenera kudziŵa kuti ukonde wa Palmer unali waukulu kuposa wa akatswiri a masiku ano. Iye anaphatikizamo malonje, zining'a ndi mawu olumikizira nkhani onga 'as a matter of fact' ndi 'by the way'. Akatswiri a pambuyo pake, makamaka kuchokera pa zolemba za J. R. Firth za m'ma 1950, anagwiritsa ntchito dzinali ponena za mawu amene amakonda kupezeka pamodzi ngakhale tanthauzo la lililonse likuonekabe, monga 'make a mistake', 'tell a lie', 'pay attention' ndi 'catch a cold'. Koma maziko ndi omwewo.

Zaka zomaliza ndi choloŵa chake

Mu 1934 Palmer anapita ku New York ku msonkhano wa akatswiri osankha mawu, umene unalipiriridwa ndi bungwe la Carnegie. Kumeneko anagwira ntchito ndi Michael West, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Bengal, pamodzi ndi Lawrence Faucett ndi Edward Thorndike. Lipoti lawo linatuluka mu 1936, ndipo ndilo linadzabala mndandanda wotchuka wa mawu pafupifupi 2,000, General Service List, umene West anasindikiza mu 1953. Mu 1935 yunivesite ya Tokyo inapatsa Palmer digiri ya udokotala wa zolembalemba. Munthu amene sanakhalepo pa benchi ya yunivesite anakhala Dokotala Palmer ali ndi zaka 58.

Anachoka ku Japan mu 1936, nabwerera ku England kukagwira ntchito ndi kampani yosindikiza mabuku ya Longmans. Mu 1938 anatulutsa A Grammar of English Words, buku la mawu 1,000 okha, koma liwu lililonse lili ndi matanthauzo ake, kamangidwe ka ziganizo zimene limaloŵamo, ndi anzake amene limayenda nawo. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse inamupweteka koposa yoyamba ija, pakuti mwana wake wamwamuna, Tristram, anafera ku nkhondoko mu 1942. Thanzi lake linayamba kufooka, ndipo anamwalira kwawo ku Felbridge pa 16 Novembala 1949, ali ndi zaka 72.

Ntchito imene anaisiya ku Tokyo inapitirizidwa ndi Hornby. Pamodzi ndi E. V. Gatenby ndi H. Wakefield, Hornby analemba dikishonale ya mtundu watsopano, yolembedwera mlendo wophunzira Chingerezi osati mwini chilankhulo. Inasindikizidwa ku Tokyo mu 1942, nkhondo ili m'kati, ndi dzina lakuti Idiomatic and Syntactic English Dictionary. Kampani ya Oxford University Press inaisindikizanso mu 1948, ndipo ndiyo imene inadzatchedwa Oxford Advanced Learner's Dictionary. Mukaitsegula m'laibulale ya koleji n'kuona pansi pa liwu lililonse ziganizo zachitsanzo ndi mawu ena olembedwa mokhathamira, dziŵani kuti mukuona chipatso cha lipoti la 1933 lija. Pamene makompyuta anayamba kuŵerenga mamiliyoni a mawu olembedwa ndi olankhulidwa, monga pa ntchito ya John Sinclair ku Birmingham imene inabala dikishonale ya COBUILD mu 1987, anatsimikiza zimene Palmer anaona ndi maso ndi timakadi ta pepala: gawo lalikulu la zolankhula zathu za tsiku ndi tsiku ndi zidutswa zokonzeka kale. Mu 2002 a Oxford anatulutsa dikishonale yapadera ya mawu oyendera limodzi okhaokha.

Sitinganene kuti Palmer analondola pa zonse. Anakhulupirira kwambiri kubwereza ndi chizoloŵezi, ndipo m'manja mwa mphunzitsi waulesi tebulo losinthira mawu limasanduka nyimbo imene ana amaimba mokweza osadziŵa chimene akunena. Mindandanda yake inali yaitali, yothandiza wolemba mabuku koposa mwana. Koma chimene anaona ponena za mawu oyendera limodzi chaima nji kufikira lero.

M'kalasi mwanu

Nkhaniyi ikutikhudza pafupi. Kuyambira mu 1968 ana a m'Malaŵi ankaphunzira m'Chicheŵa kuchokera Sitandade 1 kufikira Sitandade 4, ndi kuyamba kuphunzira m'Chingerezi mu Sitandade 5. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti Chingerezi ndicho chilankhulo chophunzitsira. Mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chicheŵa, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena. Mwana wa mlimi wa fodya, amene samva Chingerezi kunyumba kapena ku msika, alibe kwina kotolera mawu oyendera limodzi koma pakamwa panu ndi pa bolodi lanu. Tsono nazi zinthu zisanu zimene mbiri ya Palmer ikutiphunzitsa.

Choyamba, musalembe liwu latsopano pa bolodi lili lokha. Ngati liwu la tsikulo ndi 'mistake', lembani 'make a mistake' ndi 'correct a mistake'. Ngati ndi 'medicine', lembani 'take medicine'. Ngati ndi 'homework', lembani 'do homework'. Choko chimene mungaonjezere n'chochepa, koma mwana amakopera m'kope mwake chinthu chimene angachigwiritse ntchito tsiku lomwelo.

Chachiŵiri, pomasulira, masulirani gulu lonse ndi gulu lonse. Nenani kuti kunena bodza ndi 'tell a lie', kuimba foni ndi 'make a call', kutsegula wailesi ndi 'switch on the radio', kujambula chithunzi ndi kamera ndi 'take a photograph'. Aloleni anawo aseke poganizira chimene chingatuluke atamasulira liwu ndi liwu, pakuti chimene mwana waseka nacho saiŵala msanga. Aonetseni kuti Chicheŵa nachonso chili ndi maukwati ake a mawu, kuti asaganize kuti Chingerezi chokha ndicho chopanda nzeru.

Chachitatu, yambani ndi aneni ofala amene amasokoneza ana athu chifukwa m'Chicheŵa amakumana pa mneni mmodzi. Kuchita ndi kupanga kumagaŵika pakati pa 'do' ndi 'make'; kunena ndi kuuza kumagaŵika pakati pa 'say' ndi 'tell'; kubwereka ndi kubwereketsa ndi 'borrow' ndi 'lend'. Tengani pepala lalikulu, kapena katoni yotha ntchito, mulembe mneni mmodzi pakati ndi anzake momuzungulira, mulipachike pakhoma, ndipo muzionjezera mnzake watsopano akapezeka m'ndime yoŵerenga.

Chachinayi, gwiritsani ntchito tebulo losinthira mawu, koma ziganizo zake zikhale zoona ndi za moyo wa anawo. Mwana wa ku Kasungu amadziŵa ntchito ya fodya kuchokera pa nazale kufikira ku msika wa ku Chinkhoma. Mpatseni 'sow the seed', 'water the nursery', 'transplant the seedlings', 'apply fertiliser', 'pick the leaves', 'cure the tobacco', 'grade the leaf', ndipo mumufunse kuti ndani amachita chiyani kwawo ndiponso mwezi uti. Akayankha zoona za kwawo, ndiye kuti akulankhula, sakuimba.

Chachisanu, pochonga makope, musangodula liwu lolakwika ndi mzere wofiira. Lembani gulu lonse lolondola pambali, ndipo zolakwa zimene zabwerezedwa ndi ana ambiri muzisandutse phunziro la maŵa. Pochita zimenezi khalani osamala, pakuti si chilichonse chosiyana ndi Chingerezi cha ku London chimene chili cholakwa. Kuno kum'mwera kwa Africa anthu ophunzira amati 'write an examination' pamene Mngerezi amati 'sit' kapena 'take', ndipo zimenezi n'zovomerezeka pakati pathu. Chofunika n'chakuti inu mudziŵe kusiyana kwake, ndi kuti mwana asalembe chimene chingasokoneze tanthauzo, monga kutentha fodya wa bambo ake pa pepala.

Zonsezi zimafuna kuti mphunzitsi nayenso akhale wophunzira. Khalani ndi kope lanulanu. Poŵerenga nyuzipepala kapena buku, kapena pomvera wailesi, musamangofunafuna mawu achilendo. Yang'anani mawu amene mukuwadziŵa kale, muone anzawo amene ayenda nawo. Palmer anayamba motero ku Verviers, wopanda digiri ndi wopanda laibulale yaikulu.

Patapita masabata atatu ndinabwereranso ku sukulu ya ku Njombwa ija. Pakhoma la kalasi panali katoni yong'ambidwa bwino, pakati pake palembedwa 'take', ndipo mozungulira panali 'medicine', 'a bath', 'a seat', 'care' ndi 'a message', ena olembedwa ndi dzanja la mphunzitsi, ena ndi manja a ana. Makope anali adakali ndi inki yofiira, pakuti masabata atatu sasintha chilankhulo cha munthu. Koma mwana uja anali atalembanso chimangirizo chake, ndipo nthaŵi imeneyi fodya wa bambo ake sanapse. Katoni yachiŵiri, ya 'make' ndi 'do', inali itayamba kale kulembedwa.